Mafunso ndi mayankho: n'chifukwa chiyani mayiko amauona mosiyana mpikisano?

Nkhani imeneyi imabuka zotsatira za mayeso zikatuluka, timu ya dziko ikagonja, kapena wachibale akabwera kuchokera kunja n'kuyamba kutiuza kuti "anzathu uko sagona". Mafunso ali m'munsiwa ndi amene ophunzira, makolo ndi aphunzitsi amafunsa mobwerezabwereza. Ndayamba ndi apafupi, ozama ali kutsogolo.

Kodi n'zoona kuti anthu a mayiko ena amakonda kupikisana kuposa ena?

N'zoona, koma osati mmene ambiri amaganizira. Palibe mtundu wa anthu umene supikisana. Chimene chimasiyana ndi malo amene mpikisano umaloledwa, mmene wopambana ayenera kudzisungira akapambana, ndiponso zimene zimamuchitikira wogonja. Kwina mwana wazaka 12 amapikisana ndi dziko lonse pa mayeso, koma kuntchito bambo ake sangayerekeze kudzitama pamaso pa anzawo. Kwina munthu amadzitama poyera anthu n'kumuombera m'manja. Kwinanso, monga kwathu kuno, mudzi ukapikisana ndi mudzi unzake anthu amasangalala, koma munthu mmodzi akaposa abale ake amayamba kuyenda moyang'ana kumbuyo.

Nanga zimenezi amaziyeza bwanji?

Njira zake ndi ziwiri. Yoyamba ndi kufunsa anthu. Wodziwika kwambiri pa njirayi ndi Geert Hofstede wa ku Netherlands, amene pakati pa 1967 ndi 1973 anasanthula mayankho oposa 100,000 a anthu ogwira ntchito ku kampani ya IBM m'mayiko ambiri, n'kutulutsa zotsatira zake mu 1980. Umodzi mwa miyeso yake umaona ngati anthu amaika patsogolo kupambana, kukwezedwa ndi malipiro, kapena kugwirizana ndi kukhala bwino ndi anzawo. Pa muyeso umenewu Japan anapeza 95, Britain ndi Germany 66, United States 62, Denmark 16, Netherlands 14, Norway 8, ndipo Sweden 5.

Yachiwiri ndi kuwapatsa anthu masewero a ndalama zenizeni. Munthu amapatsidwa ntchito yaing'ono, monga kuwonkhetsa manambala kapena kuponya kampira m'ndowa, ndiye amauzidwa kuti asankhe. Akhoza kulipidwa pang'ono pa chilichonse chimene wakhoza, kapena kupikisana ndi munthu wina: akamuposa alandira zambiri, akagonja apita chimanjamanja. Ine njira yachiwiriyi ndimaikhulupirira kwambiri, chifukwa pakamwa munthu amanena zimene akuona kuti n'zoyenera, koma ndalama ikakhala patebulo amachita zimene zili mumtima.

Kodi manambala a Hofstede tingawadalire? Malawi alimo?

M'kafukufuku woyambirirayo Malawi sanawerengedwe. Mayiko a Ethiopia, Kenya, Tanzania ndi Zambia anawamanga mtolo umodzi wotchedwa kum'mawa kwa Africa n'kuwapatsa 41. Aliyense amene anakhalapo ku Chipata komanso ku Nairobi aona yekha vuto la mtolo wotere.

Vuto lina n'lakuti ofunsidwawo anali antchito a kampani imodzi ya makompyuta, ophunzira bwino, okhala m'mizinda. Mlimi sanafunsidwe. Komanso nambala imodzi imabisa kusiyana kwa anthu a m'dziko lomwelo, kumene nthawi zambiri kumaposa kusiyana kwa dziko ndi dziko. Manambalawa ndi othandiza poyambira kukambirana. Kumuweruza nawo munthu amene mwangokumana naye ndi kulakwa.

Ndi kuti kumene mpikisano wafika poopsa kwambiri?

Pa za sukulu, ndi kum'mawa kwa Asia. Ku South Korea mayeso olowera ku yunivesite, otchedwa Suneung, amalembedwa tsiku limodzi Lachinayi m'mwezi wa November. Tsikulo maofesi ambiri ndi msika wa masheya amatsegula mochedwa ndi ola limodzi kuti misewu ipepuke. Apolisi amanyamula pa njinga zamoto ana amene achedwa. Nthawi ya mayeso omvetsera Chingerezi ikakwana, ndege zimaimitsidwa kutera ndi kunyamuka kwa mphindi pafupifupi 35 kuti phokoso lisasokoneze. Ana ambiri akaweruka kusukulu amapita ku masukulu olipira a madzulo otchedwa hagwon, ndipo ku Seoul boma linachita kulamula kuti masukuluwa azitseka pofika 10 koloko usiku. Cholinga cha mabanja ambiri ndi mayunivesite atatu okha: Seoul National, Korea ndi Yonsei.

Ku China mayeso ofanana nawo ndi gaokao, olembedwa mu June. Mu 2024 olembetsa anaposa 13 miliyoni. Mizu yake ndi yakale: kwa zaka pafupifupi 1,300, mpaka 1905, mafumu a ku China ankasankha akuluakulu a boma kudzera m'mayeso, moti mwana wa mlimi akakhoza ankakweza banja lonse. Ku Singapore ali ndi mawu akuti kiasu, ochokera ku chilankhulo cha Hokkien, otanthauza kuopa kutsalira. Eni akewo amawagwiritsa ntchito podzifotokoza okha.

Zipatso zake zilipo ziwiri, ndipo zonse ziyenera kunenedwa. South Korea, dziko limene linatuluka m'nkhondo mu 1953 lili losaukitsitsa, lero ndi kwawo kwa Samsung ndi Hyundai. Koma mu 2023 chiwerengero cha ana amene mayi mmodzi amabereka kumeneko chinatsika kufika pa 0.72, chotsikitsitsa padziko lonse, ndipo chimodzi mwa zifukwa zimene achinyamata amatchula ndi mtengo wolerera mwana mu mpikisano wotere. Ku China achinyamata ena anayamba kulankhula za tang ping, kutanthauza kungogona chagada, kukana kuthamanga liwiro lopanda mapeto. Mawuwa anafala kwambiri mu 2021.

Dziwani kuti mayiko omwewa ndi amenenso amalemekeza gulu. Ku Japan ali ndi mwambi wonena kuti msomali wotulukira pamwamba ndi umene umakhomedwa. Mwana amapikisana kuti alowe sukulu yabwino ndi kampani yabwino, koma akalowa amayenera kuyenda limodzi ndi anzake.

Nanga ku America?

Kumeneko chosiyana ndi chakuti mpikisano ndi wa poyera ndipo ndi wa munthu payekha. Kunena zimene wakwanitsa si mwano. Masewero a m'masukulu ndi m'makoleji amadzaza mabwalo akuluakulu. Chinanso n'chakuti kugwa pa bizinesi sikutseka khomo mpaka kalekale: malamulo awo okhudza munthu amene walephera kubweza ngongole amamulola kuyambiranso. Koma wogonja amagwera pouma, chifukwa kwa anthu ambiri inshuwalansi ya chipatala imadalira ntchito, ndipo ntchito ikatha nthawi zambiri inshuwalansiyo imathanso.

Mayiko a kumpoto kwa Ulaya akuti sakonda mpikisano. Nanga alemera bwanji?

Funso limeneli ndi limene ndimalikonda, chifukwa limagwetsa maganizo akuti dziko limatukuka pokhapokha anthu ake akamapondana.

Ku Denmark ndi Norway amakamba za lamulo la Jante. Si lamulo la boma. Linachokera m'buku la nthano la Aksel Sandemose la mu 1933, lofotokoza tauni yaing'ono imene mfundo yake yaikulu inali yakuti usadzione ngati ndiwe kanthu kuposa anzako. Wolembayo ankadzudzula khalidweli, koma dzinalo linakhazikika. Mpaka lero bwana wa kampani kumeneko amatchulidwa dzina lake loyamba, ndipo kuonetsa chuma kumachititsa manyazi.

Tsono taonani za masewero ku Norway. Malamulo a bungwe lawo la zamasewero salola kusindikiza mndandanda wa woyamba mpaka womaliza kwa ana osafika zaka 11, ndipo mwana sapikisana nawo pa mpikisano wa dziko lonse asanafike zaka 13. Cholinga n'chakuti ana ambiri asathawe masewero adakali aang'ono chifukwa chouzidwa kuti sangathe. Dziko lomweli, la anthu pafupifupi 5.5 miliyoni, linatenga mamendulo 39 pa masewero a Olimpiki a nyengo yozizira ku PyeongChang mu 2018, kuposa dziko lina lililonse. Erling Haaland wa mpira, Karsten Warholm ndi Jakob Ingebrigtsen othamanga, ndi Magnus Carlsen wa chess onse ndi a kumeneko. Mpikisano sanauthetse. Anauchedwetsa, kuti podzafika nthawi yake opikisana akhale ambiri ndiponso okhwima.

Palinso nkhani ya pogwera. Kumene sukulu ndi chipatala zimalipiridwa ndi misonkho, munthu amene bizinesi yake yagwa sataya zonse. Wotereyu sachita mantha kuyesa.

Kodi mndandanda wa mayiko opikisana bwino pa chuma umayeza zomwezi?

Ayi. Mindandanda ngati wa sukulu ya IMD ya ku Switzerland, kapena umene bungwe la World Economic Forum linkatulutsa kale, imayang'ana misewu, magetsi, makhoti, maphunziro, ngongole ndi kayendetsedwe ka boma. Siyeza mtima wa anthu. Umboni wake ndi uwu: pa mndandanda wa IMD, Singapore wa kiasu uja anakhala woyamba mu 2024, koma mu 2022 ndi 2023 woyamba anali Denmark wa Jante. Malawi akakhala m'munsi pa mindandanda yotere, nkhani imakhala ya magetsi, mayendedwe a katundu kuchokera ku Beira ndi Nacala, ndi chiwongoladzanja cha kubanki, osati ulesi wa mayi amene amadzuka 4 koloko m'mawa kukapikula tomato.

Kodi mtima wopikisana ndi wobadwa nawo?

Anthu amabadwa osiyana, koma kusiyana kwa magulu kumatsata kwambiri mmene anthuwo amapezera chakudya. Andreas Leibbrandt, Uri Gneezy ndi John List anafufuza asodzi a kumpoto chakum'mawa kwa Brazil n'kusindikiza zotsatira mu 2013. Ena ankawedza pa nyanja yaing'ono, aliyense m'bwato lake. Ena ankapita m'nyanja yamchere, kumene mafunde amafuna anthu angapo m'boti limodzi. Pa masewero a ndalama aja, asodzi oyenda okha ankasankha kupikisana kuposa oyenda m'magulu, ndipo kusiyanako kunkakula malinga ndi zaka zimene munthu wakhala pa ntchitoyo. Anthu a dziko limodzi, chilankhulo chimodzi, koma ntchito inawaumba mosiyana. Wa kunyanja kwathu aganizire za munthu wa mbedza m'bwato lake ndi gulu la chilimira, limene popanda kumverana usipa supezeka.

Mu 2014 Thomas Talhelm ndi anzake anapeza zofanana ku China. Anthu a kum'mwera kwa mtsinje wa Yangtze, kumene amalima mpunga wofuna kugawana madzi ndi kuthandizana pookera, amaganiza mogwirizana ndi gulu kuposa a kumpoto kumene amalima tirigu.

Amati amuna ndiwo amakonda mpikisano kuposa akazi. Zili choncho kulikonse?

Ku America, Muriel Niederle ndi Lise Vesterlund anapeza mu 2007 kuti pa ophunzira a ku yunivesite, amuna 73 pa 100 alionse anasankha kupikisana pamene akazi anali 35 okha, ngakhale kuti onse ankakhoza mofanana. Ambiri anafulumira kunena kuti n'chilengedwe.

Kenaka mu 2009 Gneezy, Kenneth Leonard ndi List anayesa mitundu iwiri. Pakati pa Amaasai a ku Tanzania, kumene mwamuna ndiye mwini zonse, theka la amuna linasankha kupikisana, akazi 26 pa 100. Pakati pa Akhasi a kumpoto chakum'mawa kwa India zinatembenuka: akazi 54 pa 100, amuna 39. Akhasi ndi achikamwini ngati Achewa, Ayao ndi Alhomwe. Mwamuna amakakhala kwawo kwa mkazi, mbumba imawerengedwa kuchokera kwa mayi, ndipo chuma chimapita kwa mwana wamkazi womaliza.

Ofufuza omwewa, pamodzi ndi Jeffrey Flory, anabweranso m'midzi ya ku Malawi, ndipo zimene anasindikiza mu 2018 zinaonetsa kuti kusiyana kwa amuna ndi akazi kumaoneka pa achinyamata, koma pa achikulire kumazimirira chifukwa amayi akuluakulu amalimba mtima kupikisana ngati amuna. Amene anaonapo azimayi a mumsika wa Limbe kapena wa Lilongwe akutsatsa malonda sangadabwe. Ndipo Temwa Chawinga atagoletsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024 n'kusankhidwa wosewera wopambana onse, mtsikana wa kumudzi anapeza yankho lake la funsoli.

Ndiye Amalawife, ndi umunthu wathu, sitikonda kupikisana?

Amene amanena zimenezi sanaime pa bwalo la sukulu tsiku lotsekera, pamene mphunzitsi amawerenga mayina kuyambira nambala wani mpaka womaliza makolo akumva. Sanaonenso mwana wa Sitandade 8 akubwereza kalasi ngakhale anakhoza, kuti mwina chaka chamawa asankhidwe kupita ku Dedza Government, Blantyre Secondary, Mzuzu Government kapena Lilongwe Girls m'malo mwa CDSS ya pafupi. Mapointi a MSCE timawatchula ngati dzina la munthu. Mkangano wa kota pa kasankhidwe ka ophunzira a ku yunivesite, umene unatenga zaka zambiri mpaka njirayo inathetsedwa mu 2020, unali mkangano wa mmene tingagawanire malo ochepa. Apa tikufanana ndi Korea kuposa Norway, ndipo chifukwa chake n'chimodzi: khomo ndi lopapatiza, ndipo wotsalira kunja alibe pogwira.

Pa chikhalidwe chathu chenicheni mpikisano ulimo, koma umakonda kuvala malaya a gulu. Malipenga a ku Nkhata Bay ndi Karonga, mganda wa m'chigawo chapakati ndi beni wa ku Mangochi ndi magule a mpikisano: gulu la mudzi uno limaitana la mudzi uko, n'kuona amene wachapa ndi kusita bwino, amene mapazi ake akugwera pamodzi. Makwaya amapikisana. Bullets ikakumana ndi Wanderers Blantyre amagawikana pawiri. Ngakhale pa dima, pamene mudzi walimira munthu mmodzi, anyamata amathamangitsana kuti aone amene ayambe kutulukira kumapeto kwa mzere, koma munda umene ukulimidwawo ndi umodzi.

Choncho mwambi wakuti mutu umodzi susenza denga sukuletsa kupambana. Ukunena za amene adye nawo phindu la kupambanako. Mwana akapita ku yunivesite timati "wathu wapita", ndipo iyenso amadziwa kuti fizi ya ang'ono ake ikumudikira.

Nsanje ndi mpikisano si chinthu chimodzi?

Ayi, ndipo kusokoneza ziwirizi kwatipweteka. Wopikisana akaona mnzake wakolola ngolo khumi amafunsa mbewu imene anabzala ndi tsiku limene anathira feteleza. Wansanje amati anakawa chimanga cha ena, kapena ndi wokhwima. Woyambayo chaka chamawa akolola zambiri. Wachiwiriyo sasintha kanthu m'munda mwake, ndipo mnzake uja amayamba kubisa zimene ali nazo, kapena kusamuka kukamanga kutauni. Si pachabe kuti nyimbo ya fuko lathu imatchula nsanje pamodzi ndi njala ndi nthenda monga adani.

Koma tisadzinyoze ngati kuti matendawa ndi athu okha. George Foster, atakhala nthawi yaitali m'mudzi wa Tzintzuntzan ku Mexico, analemba mu 1965 kuti kumene minda ndi yochepa ndipo mwayi sukula, anthu amayamba kuona zabwino zonse ngati nsima ya m'mbale imodzi: wina akatema nthongo yaikulu, ndiye kuti wachepetsa ya mnzake. Ku Australia ndi New Zealand amakamba za kudula duwa limene latalika kuposa anzake. Ndipo mu 2008 Benedikt Herrmann, Christian Thöni ndi Simon Gächter anachititsa masewero osonkherana ndalama m'mizinda 16. Ku Boston ndi Copenhagen anthu ankalanga amene sanasonkhe. Ku Muscat, Athens ndi Riyadh ambiri ankawononga ndalama zawo kulanga amene asonkha zambiri. Khalidweli linkaoneka kwambiri kumene anthu sakhulupirira kuti malamulo amagwira ntchito mofanana kwa onse.

Apa ndi pamene ine ndaima. Akuluakulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Anthu akamaona kuti ntchito imapita kwa mwana wa uje, kontirakiti kwa wachipani, mayeso kwa amene anagula mapepala, amaleka kukhulupirira kuti wopambana anathamangadi, ndipo ngakhale wolimbikira weniweni amamukayikira. Kulalikira kuti tisiye nsanje kwinaku oyimbira akukondera sikungaphule kanthu.

Kodi dziko lingasinthe khalidwe lake pa nkhaniyi?

Lingathe, koma lamulo lokha silikwanira. South Korea analetsa maphunziro olipira apadera mu 1980. Mabanja olemera anapitiriza mobisa, mitengo inakwera, ndipo mu 2000 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti chiletsocho n'chosemphana ndi malamulowo. China anachita zofanana mu July 2021, kuletsa makampani kupanga phindu pophunzitsa ana maphunziro a m'kalasi, koma gaokao ikadalipo, ndiye makolo akufunabe aphunzitsi apadera.

Singapore anayenda pang'onopang'ono. Mu 2012 analeka kulengeza mayina a ana okhoza kwambiri pa mayeso omaliza pulayimale. Mu 2019 anachotsa mayeso m'makalasi awiri oyambirira ndi kuleka kulemba nambala ya mwana m'kalasi pa lipoti lake. Mu 2021 anasintha kawerengedwe ka mamalikisi kuti ana asamasiyanitsidwe ndi malikisi amodzi. Makolo akadali ndi kiasu, koma boma lavomereza poyera kuti mpikisano unapyola muyeso. Monga ndanenera pa funso la Amalawife, chimene chimaziziritsa mpikisano woopsa ndi kuchuluka kwa makomo: masekondale okwanira, masukulu a ntchito zamanja amene anthu amawalemekeza, ndi mwayi wobwereranso kwa amene analephera ulendo woyamba.

Ndikupita kukaphunzira kapena kukagwira ntchito kunja. Ndizichita bwanji?

Choyamba dziwani chizolowezi chimene mwanyamula. Ife munthu akatiyamikira timati "tikuyesera" kapena "ndi chisomo cha Mulungu", ndipo pamaso pa akuluakulu timadikira kuti atipatse mpata. Kwathu umenewu ndi ulemu. Pa intavyu ku London, Dublin kapena Johannesburg, wofunsayo akhoza kuganiza kuti mulibe chimene munachita. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Konzekerani kunena momveka ntchito imene inuyo munagwira, anthu angati munawayang'anira, ndi chimene chinasintha chifukwa cha inu. M'kalasi ku America kuyankha ndi kufunsa mafunso nthawi zambiri kumakhala ndi mamalikisi ake, choncho kukhala chete kumakuluzitsani.

Ku Sweden, Norway, Denmark ndi Netherlands nenani zoona zokhazokha popanda kukometsera, ndipo musadabwe wamng'ono akamatsutsa bwana pa msonkhano. Ku Japan ndi Korea kudzichepetsa kwathu kuja kumagwira ntchito: tchulani gulu lanu poyamba, lemekezani msinkhu, koma yembekezerani maola ataliatali. Kulikonse kumene mwafika, masabata oyambirira yang'anitsitsani munthu amene anzake amamulemekeza pamalopo, muone mmene amalankhulira akachita bwino, ndiponso zimene amanena za mnzake amene walakwitsa.